Mmene mungaphunzirire Chisipanishi mukapita kusukulu ku Spain

Ngati mwapeza malo payunivesite ngati ya Salamanca ija inayamba mu 1218, musadikire kuti mukafike kaye, yambani mudakali kwanu ndi moni, manambala komanso kafunsidwe ka mitengo ya zinthu. Mwayi wathu ngoti mavawelo awo ndi asanu ngati athu omwe ndiye kuwerenga sikuvuta, koma pa r ndi l ndi pomwe pagona nkhani, ife timangosakaniza koma iwo ayi, pero, pelo ndi perro ndi zinthu zitatu zosiyana, ndiye lilimelo muziliphunzitsa tsiku lililonse.

Mukafika pezani nyumba yokhala ndi eni dziko. Ine chinandithandiza kwambiri nchimenecho, kudya nawo nkhomaliro cha m'ma 2 koloko, mgonero m'ma 9 usiku, nkhani zili mkati, mawu amalowa okha. Anzanga omwe ankangocheza m'Chingerezi anatsalira, zimandimvetsa chisoni ndithu.

Sakaninso intercambio, mumamuphunzitsa munthu Chingerezi iye nkumakuphunzitsani Chisipanishi, ulere. Foni isintheni ikhale m'Chisipanishi. Musanabwerere lembani mayeso a Chisipanishi otchedwa DELE a Instituto Cervantes, bungwe la boma la Spain lophunzitsa chilankhulochi, yesetsani mufike B2, mlingo wa munthu amene amalankhula bwino ndithu, setifiketi yake siyitha ntchito.