Momwe mungachezere usiku ku Shinjuku Ni-chome mumzinda wa Tokyo popanda kuboola thumba

Mumzinda wa Tokyo muli kadera kakang'ono, misewu yowerengeka chabe, komwe mwamuna amatha kugwira dzanja la mwamuna mnzake osacheukacheuka. Dzina lake ndi Shinjuku Ni-chome. M'kaderako muli mabala pafupifupi 300 a amuna okondana ndi amuna anzawo, ena a akazi okondana ndi akazi anzawo, ndipo ambiri ndi ang'onoang'ono moti anthu khumi akalowa ndiye kuti adzaza. Ku Japan chikondi chotere si mlandu. Ukwati wake sunavomerezedwe m'dziko lonse, koma boma la mzinda wa Tokyo lidayamba kulemba maubwenziwa m'kaundula mu Novembala 2022.

Ambiri amaopa kuti Tokyo ndi wodula. Kudula alipo ndithu, koma chomwe chimamaliza ndalama za mlendo ku Ni-chome si mowa ayi. Ndi zinthu ziwiri: kulowa m'bala usakudziwa kalipiridwe kake, ndi kusiyidwa ndi sitima yomaliza.

1. Konzani mapepala ndi mankhwala musananyamuke

Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza, ndipo ofesi ya kazembe wa Japan ili ku Lilongwe. Ngati mumamwa ma ARV kapena PrEP (yoteteza kutenga HIV), mankhwala olembedwa ndi dokotala okwana mwezi umodzi mutha kulowa nawo popanda chilolezo chapadera. Akapitirira mwezi, pemphani chikalata chotchedwa Yunyu Kakunin-sho mukadali kwanu. Asiyeni m'mabotolo ake, ndipo kalata ya dokotala ikhale m'chikwama chapamanja.

Ma poppers, mankhwala onunkhiza omwe ena amagwiritsa ntchito pogonana, asiyeni, ndi oletsedwa ku Japan. Chambanso musachiyandikire n'komwe: kuyambira Disembala 2024 ngakhale kusuta kokha ndi mlandu wofika zaka 7 m'ndende.

2. Kuchoka pabwalo la ndege

Bwalo la ndege la Narita lili kutali, makilomita pafupifupi 60 kuchokera pakati pa mzinda. Sitima ya Narita Express imakutulani pa Shinjuku penipeni, koma ndi ma yen opitirira 3,000. Sitima wamba ya Keisei yopita ku Nippori ndi ma yen 1,000 ndi kakusefukira pang'ono, kenako mumasinthira ya Yamanote mpaka Shinjuku. Imachedwerapo, koma ndalama yotsalayo ndi chakudya cha tsiku lathunthu. Gulani khadi la Suica kapena Pasmo, muziikamo ndalama. Limagwira m'sitima, m'basi ndi m'masitolo momwe.

3. Gonani poti mutha kuyenda wapansi

Apa ndi pomwe ndimalimbikira kwambiri. Chipinda chotchipa kutali chimaoneka ngati nzeru masana, koma usiku chimasanduka ngongole. Fufuzani malo ogona pafupi ndi siteshoni ya Shinjuku-sanchome kapena Shinjuku-gyoemmae, kapenanso cha ku Shin-Okubo, komwe mungabwerere ndi miyendo yanu nthawi iliyonse.

Otchipa kwambiri ndi ma hostel ndi ma capsule hotel, momwe mumagona m'kachipinda konga kabokosi, kongokwana bedi. Amuna ndi akazi amagona zigawo zosiyana, ndipo simungalowetse mlendo. Ngati muli ndi tatoo, funsani kaye, chifukwa malo ambiri osambira pagulu salola. Ngati muli awiri, mutha kupempha bedi limodzi. Mu 2018 unduna wa zaumoyo udauza mahotela kuti asamakanize anthu chipinda pachifukwa choti onse ndi amuna kapena onse ndi akazi.

4. Idyani kaye

M'mabala ambiri mulibe chakudya chenicheni. Mbale ya mpunga wa nyama ya ng'ombe ku Yoshinoya, Sukiya kapena Matsuya ndi ma yen pafupifupi 500. Ku 7-Eleven, Lawson ndi FamilyMart kuli timibulu ta mpunga totchedwa onigiri totchipa kuposa apo. Pa makina a ku 7-Eleven tapanitu ndalama, poti amalandira makhadi akunja, ndipo mabala ang'onoang'ono ambiri amafuna ndalama yapamanja. Zaka zololedwa kumwa mowa ndi 20.

5. Yambirani pa msewu wa Naka-dori

Mukatuluka pa Shinjuku-sanchome, mphindi zochepa mwafika pa Naka-dori, msana wa dera lonseli. Usiku woyamba yambani ndi mabala ozolowera alendo. AiiRO Cafe, wodziwika ndi chipata cha torii (chonga cha pa akachisi a Chijapani) pakhomo, ndi wotseguka kumsewu. Mumagula chakumwa chanu pa kauntala, kulipira pomwepo, n'kuima ndi anzanu. Eagle Tokyo, Dragon Men ndi Arty Farty nawonso amalandira alendo ambiri, ndipo Chingerezi chimamveka. Goldfinger ndi wa akazi makamaka, ndipo Loweruka amuna salowa. M'malo otere mumadziwa chomwe mwawononga chifukwa mumalipira chakumwa chilichonse pachokha. Ena amatsitsa mtengo madzulo kusanade kwambiri, choncho kufika msanga kumapindulitsa.

6. Kabala kakang'ono: funsani musanakhale pansi

Mtima wa Ni-chome suli pamsewu koma m'mwamba, m'nyumba zosanjikizana zomwe chitseko chilichonse ndi bala payekha. Mukakankha chitseko mumapeza kauntala imodzi, mipando isanu ndi itatu mwina, mabotolo ataimikidwa pashelefu aliyense ali ndi dzina la mwini wake. Kuseri kwa kauntala kuli mwini bala, yemwe amatchedwa mama ngakhale ali mwamuna wandevu, kapena master. Amakupatsani kansalu konyowa kopukutira m'manja, n'kukuikirani kambale ka ndiwo zolawa kotchedwa otoshi. Kambaleko si mphatso. Ndi chizindikiro choti mwayamba kulipira malo omwe mwakhalapo, ndipo ndalamayo imaonjezeredwa pa mtengo wa zakumwa.

Si kuba. Chomwe mukugula ndi macheza: mama amakufunsani kwanu, kukudziwitsani kwa amene mwayandikana naye, kuonetsetsa kuti palibe wokhala yekha ngati mlendo pamaliro a eni. Kungoti muyenera kudziwiratu. Mukadali chiimire pakhomo, funsani kuti, "Chaji wa ikura desu ka?" kutanthauza kuti ndalama yokhalira ndi zingati. Palibe amene angakuoneni moipa. Mukamuuza mama kuti amwe nanu, chakumwa chakecho chilowa pa bilu yanu. Ndi ulemu wabwino ngati thumba likulola, koma si lamulo. Ndalama yothokoza woperekera zakumwa ku Japan sapereka. Ndipo botolo losungitsa dzina lija ndi la obwera kawirikawiri, inu wa masiku atatu musalitengeke nalo.

Zitseko zina zimalembedwa kuti ndi za mamembala okha. Mabala ambiri ali ndi mtundu wa anthu omwe amawalandira: ena ndi a amuna onenepa, ena a achikulire, ena a achinyamata. Ena amakana aliyense wosayankhula Chijapanizi chifukwa malonda awo onse ndi kucheza. Kubwezedwa pakhomo kumawawa, makamaka kwa munthu wakuda yemwe sangadziwe ngati vuto ndi chilankhulo kapena khungu, ndipo sindinganame kuti tsankho kulibe. Musakangane nawo. Tsikani masitepe, chitseko china chili pafupi.

7. Foni ikhale m'thumba

Ambiri mwa Ajapani omwe mukumwa nawo sanaulule kwawo kapena kuntchito. Ena amagwiritsa ntchito dzina lina akafika ku Ni-chome. Musajambule anthu osapempha, musafunse dzina lenileni kapena kampani yomwe munthu amagwirako. Ife ochokera ku Malawi izi tiyenera kuzimvetsa kuposa wina aliyense: kwathu lamulo likadali ndi chilango chofika zaka 14, ndipo mu Juni 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko lidakana kulichotsa. Chithunzi chimodzi pa Facebook, chanu kapena cha mnzanu amene mwayenda naye, chimafika ku Blantyre inu musanakwere ndege yobwerera. Zimitsani zoonetsa komwe muli, ndipo uzani anzanu atsopanowo kuti asakuikeni pa intaneti.

8. Sankhani: sitima yomaliza kapena yoyamba

Sitima za ku Tokyo siziyenda usiku wonse. Zomaliza zimanyamuka cha m'ma 12 koloko usiku, zoyamba cha m'ma 5 koloko m'mawa, ndipo macheza a ku Ni-chome amafika pachimake pakati pa nthawi ziwirizi. Takisi imakwera mtengo ndi 20 peresenti kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 m'mawa. Ulendo umodzi utha kudya ndalama ya chipinda. Ngati mukugona kutali, onani nthawi ya sitima yanu pafoni musanayambe kumwa, n'kutchera alamu. Ikakusiyani, musathamangire takisi. Malo a intaneti otchedwa manga kissa amagulitsa maola a usiku pamtengo umodzi, muli kachipinda kotsamiramo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ena ali ndi bafa.

Poyenda usiku mwina mudutsa ku Kabukicho, dera la zisangalalo za usiku la ku Shinjuku komweko. Kumeneko kuli anyamata oitanira anthu m'mabala, olonjeza mowa wotchipa. Musawatsatire ngakhale akulankhuleni ngati m'bale. Alendo ambiri aonapo mabilu oopsa mwanjira imeneyi. Pasipoti muziyenda nayo nthawi zonse, ndi lamulo kwa mlendo, ndipo apolisi atha kuifunsa. Nambala ya polisi ndi 110, ya ambulansi 119.

9. Masana ake

Pafupi pomwepo pali munda wa Shinjuku Gyoen, wolowera ma yen 500, wabwino kupumulirako mutu ukamalemera. Pamwamba pa nyumba ya boma la mzinda wa Tokyo, pa nsanjika ya 45, mumaona mzinda wonse ulere. Mukafuna makondomu kapena uphungu wa za HIV, pitani ku akta, likulu la anthu a m'derali lomwe lili mu Ni-chome momwemo. Pride House Tokyo Legacy, yomwe idatsegulidwa mu Okutobala 2020 kufupi ndi Shinjuku-gyoemmae, ndi malo okhala phee, kuwerenga ndi kufunsa mafunso popanda mowa. Onse awiri satsegula tsiku lililonse, choncho yang'anani masiku ake pa intaneti musanapite.