Kuwonjezera liwiro la njinga yamagetsi

Njinga ikamathera pa 25 km/h, kawirikawiri ndi kontirola (kabokosi kolamulira mphamvu yopita ku mota) yomwe yaimanga. Ngati sikirini ya pa handulo ndi ya mtundu wa S866 kapena SW900, dinani mabatani okwezera ndi otsitsira (+ ndi -) pamodzi mpaka patuluke P01, poyambira pa masetingi. Pitani pa P08, pomwe pali malire a liwiro, kwezani nambalayo. Onaninso P06, saizi ya tayala. Ikalakwika, sikirini imanama liwiro. Makontirola ena ali ndi timawaya tiwiri tolumikizana tokha, mukatilekanitsa malirewo amachoka.

Ikakanabe, mwina ndiye kuti volteji (V) ya batire singathe kuithamangitsa kuposa pamenepo. Musayerekeze kuika batire la 48V pa kontirola ya 36V: likadzadza limafika 54.6V, makapasita (tizipangizo ta mkati mwa kontirola) angathe kuphulika. Kuwonjezera ma amp (kuchuluka kwa magetsi opita ku mota) kumangothandiza ponyamuka ndi pokwera chitunda, ndipo mota imatentha.

Kayesereni pamsewu wopanda anthu, osati pakati pa maminibasi a ku Old Town. Yambani mwakonza mabuleki, chifukwa liwiro likakwera njinga imakaimira patali.