Musanagule jeton ya amisiri akale a ku France, yang'anani m'mphepete

Wogulitsa akakupatsani jeton (kachitsulo kozungulira kooneka ngati ndalama yachitsulo) ya bungwe la amisiri a ku France, musathamangire kusirira nkhope ya mfumu. Iimikeni cham'mbali, mutenge galasi lokulitsa zinthu, muyang'ane m'mphepete. Kuyambira 1832, a Monnaie de Paris, komwe amapanga ndalama za boma, ankadinda kachizindikiro pamenepo: poyamba nyali, kenako nangula, dzanja loloza kuyambira 1845, njuchi kuyambira 1860, ndipo kuyambira 1880 nyanga yosefukira zipatso. Nthawi zambiri pambali pake pamakhala mawu akuti ARGENT kapena CUIVRE, kusonyeza siliva kapena mkuwa.

Kachizindikiroka n'kofunika chifukwa mabungwewo anali atatha kalekale. Nduna Turgot inawathetsa mu 1776, iwo n'kubwereranso chaka chomwecho, koma mu 1791 malamulo a d'Allarde ndi Le Chapelier anawakwirira kotheratu. Tsono mukaona jeton yolembedwa 1750 koma m'mphepete muli njuchi, dziwani kuti inasulidwa patadutsa zaka zoposa 100, ndipo palibe mmisiri wa bungwelo amene anaigwirapo. Si yabodza ayi. Ine ndili nazo zotere ndipo ndimazikonda, koma sindilola kulipira mtengo wa yoyambirira.

Kenako funsani kuti ndi ya ntchito iti. Poyamba tizitsulo timeneti tinali towerengera masamu pathebulo; pambuyo pake mabungwe anayamba kutipereka kwa amene afika pamsonkhano. Bungwe lililonse linkaikapo zakezake, makamaka woyera amene anali nkhoswe yawo kapena zida za ntchito. Éloi ndi wa osula golide, Crépin ndi Crépinien a osoka nsapato, Honoré wa ophika buledi. Mawu ozungulira amakhala a Chilatini kapena Chifalansa, odulidwadulidwa, ndiye werengani mosapupuluma. Ku Paris kunali mabungwe 6 akuluakulu a amalonda, monga ogulitsa nsalu ndi osula golide, ndipo woyamba kumene ndimamulangiza kuyambira kwa amenewa.

Zimene zimandigwira mtima ine ndi timéreau, tizitsulo ta mtovu tofanana ndi majeton, tosaoneka bwino, tina topindika. Ambiri anativuula mumtsinje wa Seine m'zaka za m'ma 1800, ndipo Arthur Forgeais anatisonkhanitsa n'kutilongosola. Ukaika kamodzi pachikhatho, kachithunzi kake kali kogontha, umakumbukira kuti malamulo a ntchito pafupifupi 100 za mu Paris analembedwa kale cha m'ma 1268, pansi pa Étienne Boileau, mkulu woyang'anira mzindawo pa nthawiyo.

Chenjerani ndi majeton opyapyala a mtundu wachikasu ochokera ku Nuremberg. Alipo mbwee, ena ali ndi nkhope ya mfumu ya France, koma si a mabungwe. Wogulitsa wodziwa ntchito yake amatchula nambala ya m'kaundula wa Feuardent, buku lolongosola majeton a ku France. Akapanda kutero, mufunseni, komanso apereke kulemera ndi kukula kwake, ndi chithunzi cha m'mphepete.

Mukagula, musakweche ndi phulusa kapena mankhwala opukutira ziwiya. Kuda kwa siliva wakale ndi umboni wake, ndipo mukachotsa mtengo umatsika. Sungani iliyonse m'kaenvulopu kake ka pepala, mulembepo kumene munaigula. Za mtovu zisalowe m'kabati ya thabwa la oak kapena pamalo a chinyezi, chifukwa zimayamba kuchita ufa woyera n'kumanyenyeka.