Kawerengedwe ka mtengo wa khobidi la golide kapena siliva

Pa American Gold Eagle yaikulu, khobidi la golide la ku America, analembapo madola 50, koma golide wake ndi wa madola masauzande. Krugerrand, khobidi la golide la ku South Africa, yomwe inayamba kupangidwa mu 1967, ilibe n'komwe mtengo wolembedwa. Choncho werengani chitsulocho.

Yezani khobidi pa sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.01. Krugerrand yaikulu imalemera magalamu 33.93, koma si golide yekhayekha: ndi ya makarati 22, kutanthauza kuti magawo 22 mwa 24 ndi golide, kwinako ndi kopa. Chulukitsani kulemerako ndi 0.9167 (22 kugawa ndi 24), mupeza magalamu 31.1. Gawani ndi 31.1 kuti mupeze ma troy ounce, muyezo wogulitsira golide ndi siliva, kenako chulukitsani ndi mtengo wa golide wa tsikulo pamsika wapadziko lonse.

Ambiri amalakwitsa pogawa ndi 28.35, aunsi ya kukhitchini, ndipo mtengo umakwera mwabodza.

Kota (khobidi la masenti 25) ya ku America ya pakati pa 1874 ndi 1964 imalemera magalamu 6.25, siliva ndi 90 peresenti, kutanthauza magalamu 5.6.

Wogula adzakupatsani zocheperako pang'ono, poti naye amafuna phindu. Khobidi lakale musalikweche kuti liwale. Osonkhanitsa makobidi amalitsitsa mtengo akaona zokandika.