Momwe mungachepetsere ululu wa m'manja powombera mfuti ya liva yokankha mwamphamvu

Mfuti za liva, zimene zili ndi chitsulo chonga mphete pansi chimene mumakankhira pansi n'kubwezanso kuti mulowe chipolopolo china, si zochuluka kuno kwathu. Zodziwika kwambiri ndi Winchester 94, imene John Browning anaipanga mu 1894, Marlin 336 yowombera zipolopolo za mtundu wa .30-30, ndi Marlin 1895 yowombera zazikulu za mtundu wa .45-70. Yomalizayi ndiyo imasiya anthu akupukusa dzanja. Ambiri amayembekezera kuti mfuti iwapweteka paphewa, ndiye amadabwa kuona kuti chimene chatupa ndi chala chapakati. Ululu wa chala umenewu umachokera pa kampata kakang'ono: mfuti ikalira imathamangira m'mbuyo, dzanja limatsalira pang'ono, ndipo chitsulo cha liva chimadzapeza chala chili chiimire. Mukathana ndi kampata kameneko, mbali yaikulu ya vuto yatha musanawononge ndalama.

Malangizowa ndi a munthu amene mfuti yake ili ndi chilolezo cha apolisi, ndipo akuphunzirira pamalo ovomerezeka, pomwe kuseri kwa chandamale kuli mtumbira wa dothi lofewa. Kulowa ndi mfuti m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ku Kuti kapena ku Thuma ndi mlandu waukulu. Musawomberenso molunjika kunyanja kapena mumtsinje wa Bua, chifukwa chipolopolo chikagunda madzi chimadumpha n'kupita kumene simunalinge.

Yambani ndi kupeza pamene pakuwawa

Chotsani zipolopolo zonse. Tsegulani liva, suzumirani m'kati, tsekani ndi kutsegulanso katatu, chifukwa chipolopolo chimatha kubisala mu kampope ka pansi kosungira zipolopolo. Mukatsimikiza kuti mfuti ilibe kanthu, iikeni paphewa monga mumachitira nthawi zonse ndipo muyang'ane dzanja lanu. Ngati bala lili pamfundo ya chala chapakati, chikukumenyani ndi chitsulo chomwe chili kumbuyo kwa trigger (kachitsulo kamene mumakoka ndi chala kuti mfuti ilire), chimene chimagawa liva pawiri. Ngati khungu likusupuka kumsana kwa zala zitatu, ndi liva imene ikukupalani pamene mukuikankhira pansi. Chala chachikulu chimavulala m'njira ziwiri: kugundana ndi mphuno mfuti ikalira, kapena kupanidwa pa kachitseko kolowetsera zipolopolo. Lililonse la mavutowa lili ndi mankhwala ake, ndipo kukulunga chikopa pa liva sikungachize chala chimene chikupanidwa ndi kachitseko.

Kagwiridwe: apa ndi pamene pagona nkhani

Choyamba, thako la mfuti likhale lokhazikika m'kadzenje ka pakati pa phewa ndi chifuwa, osati pafupa la mkono. Likokereni mwamphamvu kuthupi. Zala zimene zimagwira ntchito yokokayi ndi zitatu zomwe zili mu liva: chapakati ndi ziwiri zotsatira. Finyani mtengo wa mfuti ngati mmene mumagwirira mpini wa khasu polima panthaka youma. Dzanja likagwira chonchi limayendera limodzi ndi mfuti, choncho chitsulo sichilipeza. Amene amagwira monyengerera poopa kuwawa ndi amene amamenyedwa koposa.

Chachiwiri, bwezani dzanja m'mbuyo pang'ono. Anthu ambiri amalowetsa chala cha mkombaphala chonse mu trigger mpaka pamfundo yachiwiri, ndipo zimenezi zimakokera dzanja lonse kutsogolo mpaka chala chapakati chitatsamira chitsulo. Gwiritsani ntchito kamnofu ka kumapeto kwa chala, pakati pa nsonga ndi mfundo yoyamba. Mukatero muona kuti pakati pa chala chapakati ndi chitsulo chija patsala mpata wokwana mamilimita 5 mpaka 10. Mpata umenewu umathandiza pokhapokha dzanja litafinya zolimba. Likakhala lolobodoka, mpatawo umangopatsa chitsulo malo othamangira.

Ngati muli ndi zala zonenepa ndipo liva ndi yaing'ono, tulutsani kachala kakang'ono kakhale kunja, pansi pa liva. Zala ziwiri zotsalazo zimapeza malo opumira. Onetsetsani kuti liva ikutsekabe mpaka kumapeto, chifukwa Winchester 94 ndi Marlin zili ndi kachitsulo kotchinga trigger kamene kamamasuka pokhapokha liva itafika m'malo mwake.

Chachitatu ndi chala chachikulu. M'malo mochipingasa pamwamba pa mtengo, chigonekeni m'mbali, kudzanja lamanja kwa mfuti, choloza kutsogolo koma osakhudza hamala, kachitsulo ka pamwamba kamene kamamenya kuti chipolopolo chiphulike. Pamenepo mphuno yanu yapulumuka. Ena amaona kuti akatero dzanja silifinya mokwanira. Ngati inunso muli choncho, chipingaseni monga kale, koma muonetsetse kuti pakati pa chalacho ndi mphuno pakulowa zala ziwiri.

Mfuti zambiri za liva zili ndi mtengo wowongoka, wopanda chotupa chogwirira pansi. Pa mtengo wotere dzanja limatsetserekera kutsogolo mosavuta, ndiponso polumikizira dzanja ndi mkono pamapindika. Kwezani chigongono chamanja chiyandikire msinkhu wa phewa, mudzaona kuti dzanja lawongoka ndipo kukankha kukudutsa mumkono wonse. Dzanja lamanzere ligwire mtengo wakutsogolo ndi chikhatho chonse, nalonso likukokera kuphewa.

Kaimidwe

Kuwombera mutawerama pa tebulo lalifupi ndiko kumawawa kuposa njira zina zonse, chifukwa thupi limasowa kothawira. Imirirani, mwendo wamanzere kutsogolo, mawondo opindika pang'ono, chifuwa chitapendekera kutsogolo, kuti mfuti ikakankha thupi lonse lipepesuke nayo. Mukafuna pochirikiza, mangani nsungwi zitatu zotalika ngati inu nomwe ndi malegeni, cha kumtunda, n'kuzitambasula pansi ngati mafuwa. Dzanja lanu lamanzere likhale pakati pa nsungwi ndi mfuti. Mfuti ikatsamira mwachindunji pa chinthu cholimba imadumpha, ndipo kudumphako kumathera m'zala za dzanja lamanja.

Zipolopolo si zofanana

Pabokosi la zipolopolo pamalembedwa kulemera kwa chipolopolo ndi liwiro lake, ndipo manambala awiriwa ndiwo amakuuzani mmene mfuti ikankhire. Chipolopolo cha .30-30 cha 170 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) chimalemera magalamu 11 ndipo chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 670 pa sekondi. Cha .45-70, chimene asilikali a ku America anayamba kugwiritsa ntchito mu 1873, chimabwera m'mitundu yosiyana kwambiri. Chofatsa ndi cha 405 grain, magalamu 26, choyenda mamita pafupifupi 405 pa sekondi. Chimakankha pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi .30-30, koma mokankha ngati ng'ombe ikukutsamirani, osati momenya. Cha 300 grain choyenda mamita 550 kapena kuposerapo chimamenya mothwanima. Ndiye pali zina zamphamvu zopangira nyama zikuluzikulu, zolemera koma zothamanganso, zimene zimakankha kupitirira katatu poyerekeza ndi .30-30. Pophunzirira sankhani chofatsacho. Palibe chifukwa chowombera pepala ndi chipolopolo chimene chikusupula chala, ndipo zamphamvuzo si zoyenera m'mfuti zakale.

Pali zinthu ziwiri zosayenera kuyesa n'komwe. Musatsegule chipolopolo kuti muchepetse wonga. Mfuti ikhoza kuphulikira m'manja kapena chipolopolo kutsamwa mumpope. Musaikenso zipolopolo zosongoka mu kampope ka pansi. M'menemo zimandondozana, nsonga ya china itatsamira kumbuyo kwa chinzake, ndipo mfuti ikakankha nsongayo ikhoza kuphulitsa chakutsogolo. Zoyenera ndi zaphwatalala kapena zobulungira kumutu, kapenanso za nsonga yofewa ya mphira monga za Hornady LEVERevolution.

Kukulunga liva ndi chikopa

Mukakonza kagwiridwe koma liva n'kumakupalanibe, ivekeni chikopa. Osoka nsapato a mumsika wa Salima kapena wa Nkhotakota amakhala ndi zidutswa zoyenera. Musanyamule mfuti kupita nayo kumsika; yezani kunyumba n'kupita ndi miyeso yokha. Mufunika chikopa chofewa chochindikala mamilimita 1.5 mpaka 2, ulusi wopaka phula wautali mita imodzi, masingano awiri, ndi chobowolera.

Yezani kutalika kwa chitsulo cha pansi pa liva, pamene msana wa zala umagunda. Nthawi zambiri pamakhala masentimita 7 mpaka 9. Zunguzani kapepala pachitsulocho kuti mudziwe m'lifupi mwake, ndipo mudule chikopa chochepera ndi milimita imodzi kuti chidzakoke posoka. Bowolani mabowo m'mphepete zonse ziwiri, motalikirana mamilimita 5. Pakani mafuta a mfuti pachitsulo, nyowetsani chikopa pang'ono kuti chifewe, chikulungeni, n'kusoka mopingasa ngati zingwe za nsapato. Msoko ukhale kunja, pansi pa liva, chifukwa ukakhala m'kati ndiwo udzayambe kukudyani zala. Chisiyeni pamthunzi tsiku lathunthu; chikamauma chimafinya chitsulo chokha.

Cholakwika chachikulu apa ndi kukulunga chitsulo chapamwamba cha liva, chimene chimakagundana ndi mfuti potseka. Ngakhale kachikopa kopyapyala pamenepo kamalepheretsa liva kutseka bwino. Kulungani pansi pokha. Ngati mukufuna kachikopa kotetezera chala chapakati, sokani kachidutswa kakang'ono pa chitsulo chogawa chija, kenako, mfuti ilibe chipolopolo, yesani kangapo kuona kuti trigger ikuyenda osakhudza chikopacho. Ikakhudza ngakhale pang'ono, chotsani.

Chingwe cha nayiloni chochindikala mamilimita 2 kapena 3, chotalika mita imodzi ndi theka, chimagwiranso ntchito mukachikulunga mothithikana. Malegeni amathandiza kwa masiku ochepa, koma mafuta ndi dzuwa zimawang'amba. Tepi yakuda ya magetsi ayi: kutentha kwa mu Okutobala kuno kunyanja kumasungunula ulimbo wake, imayamba kuterera ndi kumata zala.

Musaiwale chinyezi. M'mbali mwa nyanja muno chitsulo chimachita dzimbiri msanga, ndipo chikopa chimamwa thukuta n'kulisunga. Chikanyowa ndi mvula chimasuleni. Dzinja likatha, dulani ulusi, pukutani chitsulo, pakani mafuta, sokaninso.

Zimagulitsidwanso liva za mphete yaikulu. Zimapatsa zala malo ambiri, makamaka kwa ovala magolovesi, koma dzanja limayenda mtunda wautali lisanagunde chitsulo potsegula, ndiye ena zimawapweteka kumsana kwa zala kuposa kale. Kuiika kumafuna mmisiri wa mfuti, ndipo musanaitanitse chipangizo chilichonse cha mfuti kuchokera kunja, funsani kupolisi za chilolezo chake.

Magolovesi, thukuta ndi mphete

Golovesi yabwino ndi yachikopa chopyapyala, yogwira dzanja bwinobwino. Pa kaunjika amapezeka a okwera njinga, odula kumapeto kwa zala, ndipo ndi abwino chifukwa chala cha mkombaphala chimamva trigger. Magolovesi okhuthala a owotcherera zitsulo ndi oopsa: amathina mu liva ndipo angathe kukankha trigger musanakonzeke. Popanda golovesi, zunguzani pulasitala kawiri kapena katatu pamfundo ya chala chapakati, chalacho chitapindika pang'ono kuti magazi aziyenda. Vulani mphete. Khalani ndi kansalu kopukutira m'manja, popeza dzanja la thukuta limatsetsereka pamtengo ndipo chala chachikulu chimatha kuphonya hamala pamene mukuitsitsa.

Kuthako kwa mfuti

Mfuti zambiri zakale zili ndi pulasitiki wolimba kapena chitsulo kuthako. Phaso la mphira lovekera kuthako ngati kapilo, monga la Limbsaver kapena Pachmayr, limafewetsa kukankha ndiponso limatalikitsa mtengo ndi masentimita 2 kapena kuposa pang'ono. Kuchokera pa trigger kufika kuthako, mfuti zambiri zimatalika masentimita pafupifupi 34, zomwe zimachepera munthu wa mikono yaitali. Phasolo limabweza dzanja ndi nkhope m'malo mwake. Wamikono yaifupi ayese kaye, chifukwa mtengo ukatalikitsa thako limachoka m'kadzenje ka phewa.

Kulemera nakonso kumathandiza. Marlin yaifupi ya .45-70 imalemera makilogalamu pafupifupi 3.2 okha. Kuwonjezera theka la kilogalamu kumachepetsa mphamvu ya kukankha ndi magawo pafupifupi 13 pa 100 alionse. Kathumba kachikopa kosungira zipolopolo kovekera kuthako kamawonjezera kulemera popanda kubowola mtengo. Yang'ananinso sikuluwu yogwira mtengo kuseri kwa hamala. Ikakhwefuka mtengo umagwedera, umapana khungu la pakati pa zala, ndipo m'kupita kwa nthawi umang'aluka. Imangeni ndi sikuludiraiva yokwana ndendende, osapitiriza muyeso.

Kachitseko kolowetsera zipolopolo

Musakankhe chipolopolo chilichonse mpaka kulowa chonse. Siyani kumbuyo kwake kutatulukira pang'ono, kenako chikankheni ndi mutu wa chotsatira. Chala chanu chidzakumana ndi kachitsekoko kamodzi kokha, pa chipolopolo chomaliza, ndipo pamenepo gwiritsani ntchito mnofu wa chala osati chikhadabo. Ngati m'mphepete mwa bowolo ndi mwakuthwa, ntchito yosalaza ndi ya mmisiri. Tupa ikachotsa chitsulo sichibwereranso, ndipo kachitseko kakapindidwa zipolopolo zimayamba kutsamwa.

Kuchuluka kwa kuwombera

Pa .45-70, zipolopolo 10 mpaka 15 patsiku n'zokwanira. Womberani zitatu, ikani mfuti pansi liva ili yotsegula, tambasulani zala, pumani mphindi zisanu. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere. Tsekani makutu ndi kuvala magalasi. Phokoso limadzidzimutsa thupi, ndipo munthu wodzidzimuka amamasula dzanja panthawi yeniyeni imene limayenera kufinya. Mukaona kuti mwayamba kutsinzina kapena kugwetsa mpope musanawombe, lekerani pomwepo, ndipo kunyumba muyesere kagwiridwe ndi zipolopolo zoyeserera zopanda wonga.

Chala chikatupa, chivikeni m'madzi ozizira kapena muikepo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 10 mpaka 15, ndipo musawomberenso mpaka kutupa kutatha. Ngati chikukana kupindika, chapotoka, kapena dzanzi silikuchoka mpaka tsiku lotsatira, pitani kuchipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota akachiunike, chifukwa kafupa ka chala kamatha kung'aluka munthu n'kumangoti ndi kutupa wamba.