Kasanjidwe ka zolemba za makorali a mu thanki

Achimwene mwafunsa kuti zomwe mumalemba za makorali anu, tizamoyo ta m'nyanja ya mchere tomwe mumaweta mu thanki, muzisanje bwanji poti zangoti mbwee m'foni. Ine ndimapanga chonchi.

Yambani kuwagawa patatu, ofewa ngati zoanthid ndi mushroom, kenako ma LPS (olimba, okhala ndi mitu ikuluikulu) ngati hammer ndi torch, pomaliza ma SPS (olimba, okhala ndi timitu ting'onoting'ono) ngati Acropora aja sachedwa kufawa. Korali aliyense akhale ndi peji yake mu kope kapena mu Excel, mulembepo dzina lake la sayansi chifukwa mayina a ogulitsa amasinthasintha, tsiku lomwe munagula, kuwala ndi mphamvu ya kayendedwe ka madzi yomwe amafuna, komanso pomwe mwamuika, Acropora pamwamba powala, mushroom pansi.

Peji yoyamba ikhale ya madzi basi, kutentha madigiri 24 mpaka 26 Celsius, mchere 1.025 (kulemera kwa madziwo poyerekeza ndi madzi opanda mchere), calcium 400 mpaka 450 ppm (magawo pa miliyoni), alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) cha m'ma 8 pa muyeso wa dKH, muziyeza sabata iliyonse nkulemba.

Ichi chonde musaiwale, oluma anzawo muwalembe ndi peni yofiira. Torch amatambasula timanja take nkuwotcha woyandikana naye, ndipo zoanthid ena ali ndi poizoni wa palytoxin ndiye powadula valani magolovesi ndi magalasi. Mwezi uliwonse jambulani aliyense kuchokera mbali yomweyomweyo, akayamba kutaya mtundu nkuyera, chizindikiro choti sali bwino, mumaona msanga.