Musanagule chidole chakale pa intaneti, chitembenuzeni kaye

Kale wogulitsa timagalimoto ta Dinky kapena tianthu tapulasitiki ta Kenner ankakhala munthu woti nayenso amasunga zomwezo, ndipo penti ikathothoka pakona ankanena yekha. Lero pa misika ya pa intaneti ya eBay, Vinted ndi Facebook Marketplace padzaza mavenda ongotolera katundu m'misika ya zakale, kujambula zithunzi ziwiri zachimbuuzi, n'kulembapo "mint" (ngati chatsopano), "rare" (chosowa), "100% original" (chenicheni). Mawu amenewa atha mchere. Ambiri mwa anthuwa si akuba ayi, kungoti sadziwa chimene agwira m'manja, koma ndalama yanu imapita chimodzimodzi.

Musanakambe za mtengo, pemphani zithunzi zisanu ndi chimodzi: kutsogolo, kumbuyo, mbali zonse ziwiri, pamwamba ndi pansi. Zijambulidwe masana popanda fulashi, pambali pakhale kapepala kolembapo dzina la wogulitsa ndi tsiku. Wokana zimenezi musiyeni, katundu sathera pa iye.

Chithunzi cha pansi ndicho chimaulula zambiri. Dinky yakale ndi ya Meccano, ndipo fakitale yake ya ku Binns Road ku Liverpool idatsekedwa mu 1979. Mukaona dzina la Atlas ndi "Made in China", dziwani kuti n'kopangidwanso posachedwa, ngakhale bokosi lake lioneke lachikale. Timagalimoto ta Matchbox toyambirira timalembedwa Lesney, kampani imene idagwa mu 1982. Pa Hot Wheels ndiye ambiri amapusitsika: chaka cholembedwa pansi ndi cha pamene mtunduwo udakonzedwa koyamba, osati pamene kagalimoto mukukaonako kadatuluka m'fakitale. Kolembedwa 1968 katha kukhala ka zaka za m'ma 1990. Mzere wofiira wa m'matayala nawo si umboni pawokha. Ma Redline enieni, timagalimoto takale ta mzere umenewu, ndi a 1968 mpaka 1977, koma Mattel, kampani yopanga Hot Wheels, idaubwezeretsa pa timagalimoto tina tapambuyo pake, komanso matayala olowetsa m'malo amagulitsidwa paliponse.

Kenako yang'anitsitsani mariveti, timisomali tomanga thupi la kagalimoto ndi chitsulo chapansi. A kufakitale amakhala ndi mutu wosalala, wopindika mofanana kuzungulira. Akakhala obooledwa, opakidwa guluu, kapena pali kasikuluu, kagalimotoko kadatsegulidwapo, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake n'kupentanso. Penti yatsopano imaonekera pa maekiselo ndi m'mphepete mwa magalasi, imakwirira timizere ta zitseko, ndipo pansi pake mumaona timaenje ta zipsera zakale. Kupentanso si mlandu. Mlandu n'kusanena, poti mtengo wake umatsika kwambiri. Mukaona timing'alu ngati nthaka ya padambo m'chilimwe, thupi litafufuma, makamaka pa Dinky za m'ma 1930, amenewo ndi matenda a zinki yosakanikirana ndi mtovu. Alibe mankhwala, kagalimotoko kadzanyenyeka ndithu.

Tianthu ta m'mafilimu a Star Wars topangidwa ndi kampani ya Kenner, ta 1978 mpaka 1985, tili ndi chaka ndi dziko kuseri kwa miyendo, kawirikawiri Hong Kong, Taiwan kapena China. Vuto lalikulu si kamunthuko koma zida zake. Timfuti ndi timalupanga tidasowa ana akusewera, ndiye msika wadzaza tabodza timene amati "repro". Njira yakale yoponya kamfuti m'kapu ya madzi, kuti kakamira ndi kabodza, musaidalirenso, chifukwa tabodza tambiri ta masiku ano timayandama. Pemphani chithunzi chapafupi cha mbali zonse ziwiri, mufananize ndi kenikeni kodziwika: mtundu, timizere ta chikombole, ndi ngati pulasitikiyo ndi yopentedwa pamwamba. Kamunthu kotchedwa Jawa, wovala chofunda chapulasitiki, ndiye wotchuka pa chinyengo, poti ena amangodula chofunda cha kamunthu kena. Ameneyo gulani pokhapokha atayesedwa ndi bungwe loyesa zidole ngati AFA kapena UKG.

Tiasilikali tapulasitiki ta G.I. Joe ta kampani ya Hasbro, ta 1982 mpaka 1994, tili ndi kamphira m'chiuno. Kakatha, kamunthuko kamalendewera, koma n'kosinthika pomasula sikuluu yakumsana, ndiye si chifukwa chothawira. Onani zala zazikulu za m'manja ndi kapulasitiki ka pakati pa miyendo, ndi mmene mumathyoka.

Chidole choyera mbee pa msinkhu wa zaka 40 chikupatseni mafunso. Ena amachiviika mu mankhwala oyeretsera a hydrogen peroxide n'kuchiyanika padzuwa. Chikasucho chimachoka, koma chimabwereranso, ndipo mitundu ina imasuluka. Cha mabatire cholembedwa "untested" (chosayesedwa) chiwerengereni ngati chakufa, ndipo muone chithunzi cha malo a batire ali otsegula: ufa woyera kapena wobiriwira ndiye kuti batire idatayikira n'kudya zitsulo.

Za kapakidwe gwirizanani musanalipire, chifukwa apa ndi pamene ulesi wakula. Envelopu yofewa iphwanya bokosi lakale ngati chikho cha dzira. Nenani momveka: katoni yolimba, chokulungira cha masentimita 5 mbali zonse, kagalimoto kachotsedwe m'bokosi lake kakulungidwe pakokha kuti kasaboole makona, zida zing'onozing'ono zilowe m'kajumbo, ndipo selotepi isakhudze bokosi kapena zomata. Nyuzipepala isagunde chidole chenichenicho, inki imadetsa.

Lipirani kudzera pamsika womwewo. Wogulitsa akati mutumize ndalama pa PayPal ngati "Friends and Family" (zopita kwa abale ndi abwenzi) kuti mtengo utsike, dziwani kuti njira imeneyo ilibe chitetezo cha wogula. Phukusi likafika, jambulani vidiyo mukutsegula, kuyambira pa chikalata cha adiresi. Pa eBay muli ndi masiku 30 kuchokera tsiku lolandira oti mudandaule kuti katundu si uja adalembedwa, ndipo pa nthawiyi musatsuke, musamate, musamasule sikuluu iliyonse.